Chidole Chomangidwa Lamba

"Mpando wa mwana suchoka m'galimoto muno."

"Ndiye diresi ndiliike pati? Ndilisenze pamutu?"

"Liikeni pomwe mungaliike, mayi a Kabatani. Mpandowu suchoka."

Anali ataima pabwalo la nyumba yawo yalendi, mwamuna mbali iyi ya galimoto, mkazi mbali inayo, akuponyerana mawu pamwamba pa denga ngati anthu okuwirana kutsidya la mtsinje. Linali Loweruka m'mawa, dzuwa litangoyamba kuwawa. Mkaziyo anali telala wa zovala za ukwati. Mwamunayo ankawongola galimoto zophwanyika pa galaja ina ya m'mbali mwa msewu waukulu. Pakhonde panali patakhala mng'ono wake wa telalayo, akumanga tsitsi la mwana wawo wa zaka ziwiri, n'kumayerekeza kuti sakumva kanthu. Mwanayo ankamutcha Kabatani, chifukwa kuyambira akukwawa ankatola mabatani pansi pa makina osokera n'kuwafumbata, ndipo kuti umulande unkachita kumunyengerera ndi nyimbo.

Musaganize kuti anthu awiriwa ankadana. Anakumana tsiku lomwe telalayo anapita ku galaja ndi mwendo wa makina ake utapindika. Mwamunayo anauwongola, n'kupempha kuti amusokere thumba la ovolosi lomwe linang'ambika. Sabata yotsatira anabwera ndi thumba lina. Matumba ong'ambika atatha anayamba kung'amba dala, mpaka telalayo anamuuza kuti ngati ali ndi mawu anene, asamalize ovolosi ya abwana ake. Chikondi chawo chinali chotero, cha nthabwala ndi manja akuda. Koma inu amene muli pabanja mukudziwa kuti lilime lomwe limaseketsa ndi lomwelo limadziwa pomwe pali chilonda.

Chomwe chinawayambanitsa chinali chitaima pakhomo, chitavekedwa pa chidole choyezera zovala, chija chopanda mutu, chopanda miyendo. Linali diresi loyera lomwe telalayo analisoka miyezi itatu. Mikanda ya pachifuwa anaisokerera umodziumodzi mpaka nsonga za zala zake zinachita dzanzi, ndipo dzuwa likaiwomba inkanyezimira ngati mame pa ukonde wa kangaude. Mchira wake unali wautali kuposa chipinda chawo chogona. Nsaluyo inali yonyada: ukaipinda inkasunga mkwiyo tsiku lonse, ukaiyandikiza simbi inkapsa. Mkwatibwi anali mwana wa munthu wodziwika, ndipo akazi mazana akanaliona diresilo n'kufunsana kuti wasoka ndani. Telalayo anali atalota za funso limenelo kuyambira ali mtsikana wosesa ulusi mu shopu ya anthu ena.

Tsono diresilo linayenera kuyenda lili pa chidole chake, chidolecho chitakhala tsonga pa mpando wa kumbuyo, siketi itayalidwa mpando wonse. Ku buti sikukanatheka. Ndipo pakati penipeni pa mpando wa kumbuyowo panali kampando ka Kabatani, komwe bambo ake anakamangirira molimba moti mkazi wawo anali atathyola kale chikhadabo poyesa kukamasula.

Mwamunayo anayamba ndi lamulo. Anati mwana wamsinkhu umenewo saloledwa kuyenda pamiyendo pa munthu, ndipo apolisi akawaimitsa diresilo likafika ukwati utatha. Mkazi anaseka, nati Loweruka m'mawa apolisi saima mumsewu umenewo, ndipo akaima awaonetsa diresilo, nawonso ali ndi alongo awo ofuna kukwatiwa.

"Sindikunena za apolisi," anatero mwamunayo. "Ine ndimachotsa magalasi osweka tsiku ndi tsiku. Ndimadziwa galasi lomwe lasweka ndi mwala, ndimadziwanso lomwe lasweka ndi mutu. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, mwana amasanduka thumba la simenti. Palibe mkono ungamugwire."

"Inu mukaona galimoto mumaona maliro. Tonsefe tinakula tikukwera pamiyendo pa amayi athu. Tinafa?"

"Amene anafa sali pano kuti akuyankheni."

Mng'ono uja pakhonde anatsokomola kuti abise kuseka, ndipo mkulu wake anamuyang'ana diso limodzi lokha, iye n'kuweramira tsitsi la mwana.

Mwamunayo anayesa njira zina. Anati mlamu wake atsale ndi mwana pakhomo. Mkazi anafunsa kuti nanga mchira wa diresi augwira ndani pokwera masitepe a hotelo. Anati amutenge mwanayo ku galaja. Mkazi anamukumbutsa kuti ulendo watha anabwerako ndi girisi m'tsitsi ndi nati mkamwa. Anati agogode kwa aneba. Aneba anali atatseka zitseko m'mamawa. Anati ayende maulendo awiri. Apo foni inalira. Anali mkwatibwi, akunena kuti opaka zodzoladzola amaliza, ojambula afika, iye wangokhala ndi thaulo.

Telalayo atatseka foni, anayankhula motsitsa mawu, ndipo mawu otsika ndiwo amalasa.

"Ndi ulendo wa mphindi khumi, msewu womwe ndimadutsa tsiku lililonse. Koma ndakuonani, bambo a Kabatani. Nkhani si mwana ayi. Inu simunafunepo kuti ntchito yanga ikule. Mumafuna ndizingokhala pano ndikusoka zigamba za ovolosi mpaka ndikalambe."

Mwamunayo ndiye amene anagulitsa njinga yake kuti mkazi wake apeze makina amagetsi, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo. Akanatha kukumbutsa. Akanatha kutenga makiyi n'kuwaika m'thumba, mkazi n'kumukwiyira sabata imodzi kapena ziwiri. Koma mwamuna wolasidwa pamtima amafuna aoneke kuti walasidwa. Anatsekula chitseko cha kumbuyo, anagwada pa mpando, ndipo ndi zala zomwezo zomwe zinakamanga, anamasula kampando ka mwana wake. Anakakhazika pakhonde pafupi ndi tsache, anapukuta manja pa ovolosi, n'kutuluka pageti osatembenuka.

Telalayo anafuna kumuitana, koma foni inaliranso.

Akazi awiriwo ananyamula chidole chija ngati akunyamula wodwala. Anachikhazika pakati pa mpando, anayala siketi uku ndi uku, mchira anaukulunga mofatsa pa pepala loyera. Kenako telalayo anaganiza za mabampu a mumsewu ndi makona awiri a pafupi ndi msika, naona kuti chidolecho chikhoza kupendama n'kukhudza galasi lafumbi. Anathamangira m'nyumba, anabwera ndi kansalu kofewa, anakayala pachifuwa pa diresi kuti mikanda isakandike, ndipo pamwamba pake anadutsitsa lamba n'kumutseka. Anamukoka kawiri kuti aone ngati wagwira. Anali atagwira.

Iye anamanga lamba wake, chifukwa galimotoyo inkalira ngati mwanapiye dalaivala akapanda kumanga. Mng'ono wake anamanganso wake pa mpando wakutsogolo, kenako anakhazika Kabatani pamiyendo n'kumukumbatira pamimba.

"Umugwire bwino," anatero telalayo akuyatsa injini.

"Asisi, ine ndi amene ndimamubereka tsiku lonse. Angandipulumuke lero?"

Kabatani anali asanakhalepo kutsogolo. Dziko lonse linamutsegukira nthawi imodzi. Ankamenya timanja pa dashibodi, akuloza agalu, akuloza njinga, akutchula chilichonse ndi mawu ake atatu omwe ankawadziwa. Mayi ake ankayendetsa pang'onopang'ono chifukwa cha diresi, maso akupita pa kagalasi koonera kumbuyo kawirikawiri, ndipo nthawi iliyonse chidole chinali chili tsonga, choyera, chaulemu, ngati mkwatibwi weniweni amene akuopa kupuma. Kumwamba kunalibe mtambo. Pa wailesi pankamveka nyimbo yachikondi, ndipo mng'ono uja ankaiimba molakwitsa mawu, akugwedeza mwanayo pa mawondo.

Pa mphambano yachitatu, pafupi ndi shopu ya matayala, vani yonyamula buledi inatuluka m'kanjira ka m'mbali ikubwerera chammbuyo. Dalaivala wake sanaone. Telalayo anaponda mabuleki ndi mphamvu zake zonse. Sankathamanga, onse amene anaona anachitira umboni pambuyo pake kuti sankathamanga. Koma chitsulo chikakumana ndi chitsulo sichifunsa kuti mwachokera kutali kapena pafupi.

Lamba anagwira telala. Lamba anagwira mng'ono wake. Lamba anagwira chidole. Kabatani anali ndi manja a mayi ake aang'ono okha, ndipo manja amenewo anatseguka ngati chitseko chokankhidwa ndi mphepo.

Mwana akagwa n'kulira, mayi amathokoza. Kabatani sanalire.

Ku galaja, bambo ake anali akumenya chitseko cha galimoto ya munthu wina ndi hamala, mwamphamvu kuposa momwe chitsekocho chinkafunira, akukonza m'mutu mawu omwe adzanene madzulo. Abwana ake anamuitana kuti aperekeze dalaivala wa galimoto yokoka, apolisi aimba kuti pa mphambano ya matayala pali yoti ichotsedwe mumsewu. Anakwera osafunsa kanthu. Ntchito yake inali imeneyo.

Galimoto yawo anaizindikira ali patali, chifukwa cha chitseko chomwe anachipenta yekha ndi utoto wosafanana kwenikweni ndi thupi lonse. Anatsika galimoto isanaime. Anthu anali atazungulira, ndipo mayi wina wogulitsa zipatso anamuuza kuti akazi awiri ndi kamwana awatengera kuchipatala pa galimoto ya munthu wodutsa. Akaziwo ankayenda okha. Za kamwanako mayiyo sananene, anangoyang'ana pansi.

Galimotoyo sinawonongeke kwambiri. Maso ake a ntchito anawerenga okha asanawaletse: bampala, nyali imodzi, boneti yopindika pang'ono, ntchito ya masiku awiri. Kenako anaona galasi lakutsogolo. Mbali ya wokwera, m'munsi, panali mng'alu wozungulira, waung'ono ngati kambale ka kapu ya tiyi, mizere ikuchoka pakati kupita mbali zonse. Sunali wa mwala.

Anasuzumira kumbuyo. Chidole chinali chikhalire, lamba ali pachifuwa, kansalu kofewa kali pamalo pake. Panalibe mkanda ngakhale umodzi womwe unagwa.

Dalaivala wa galimoto yokoka, bambo wachikulire amene anagwira naye ntchito zaka zisanu ndi ziwiri, anamugwira paphewa n'kumuuza kuti asiye zonse, athamange. Anathamangadi, wapansi, ataiwala kuti pali galimoto zomwe zikanamunyamula.

Za diresi tinene mwachidule, chifukwa silikuyenera mawu ambiri. Mlongo wake wa mkwatibwi analilondola mpaka ku galaja, anapepesa kwambiri, anamasula lamba n'kulinyamula. Ukwati unachedwa ola limodzi. Akuti mkwatibwi atalowa, anthu anaimirira okha osauzidwa, ndipo akazi ankagwirana mikono n'kumafunsana kuti wasoka ndani. Kuyambira Lamlungu foni ya telala inkalira osaleka, manambala achilendo okhaokha, mpaka mng'ono wake anaizimitsa n'kuiponya pansi pa chikwama.

Kabatani anamugoneka m'chipinda cha odwala kwambiri, pa bedi lalikulu moti ankaoneka ngati kanthu koiwalika pamenepo. Mutu unali wokulungidwa, khosi lili m'chogwirira cholimba, paipi ili mkamwa, ndipo pambali pake makina ankapuma m'malo mwake, kukoka ndi kutulutsa, kukoka ndi kutulutsa. Dokotala, mayi wamfupi wamaso otopa, anati ubongo watupa ndipo chomwe chatsala n'kudikira. Anamwino anati palibe kumunyamula, palibe kumutembenuza, palibe kumugwedeza. Ankaloledwa kumugwira phazi lokha.

Telalayo anakhala pa mpando wachitsulo pafupi ndi phazilo ndipo sanayankhulenso. Pansi pa bulauzi yake panali mzere wakuda wochoka paphewa kufika m'chiuno, pomwe lamba anamugwira, ndipo anakana kuti anamwino aupake mankhwala. Sankalira. Ankangoyang'ana chifuwa cha mwana chikukwera ndi kutsika motsatira makina, milomo yake ikuyenda pang'ono ngati akuwerenga masitichi.

Mng'ono wake ndiye ankalira mokwanira anthu atatu. Dzanja lake lamanja linali mu pulasitala. Zala ziwiri zinathyoka poyesa kugwira. Ankakhala pa benchi ya panja akuyang'ana manja ake, ndipo aliyense wodutsa, ngakhale wokolopa, ankamuuza kuti anamugwira. Mlamu wake atatuluka kukamwa madzi, anamugwira ovolosi.

"Alamu, ndinamugwira. Ndikulumbira, sindinamusiye."

"Ndikudziwa, mlamu. Sunamusiye."

"Nanga anachoka bwanji?"

Mwamunayo ankadziwa yankho lake, anali atalinena kale pabwalo lija, koma tsopano linalibe ntchito. Anangokhala naye pa benchipo mpaka kulira kunachepa.

Lolemba kunabwera wapolisi wamkazi ndi kabuku. Anafunsa mofatsa za vani, za liwiro, za amene anakhala pati. Kenako anafunsa ngati banjalo linali ndi mpando wa mwana, ndipo atamva kuti linali nawo, anakweza maso n'kufunsa kuti unali kuti. Mwamunayo anati unali pakhonde. Wapolisiyo anafunsa amene anauchotsa.

"Ndine," anatero mwamunayo.

Wapolisiyo anayang'ana ovolosi yake, yomwe anali asanavule kuyambira Loweruka, ndi dzina la galaja losokedwa pachifuwa. Anangolemba, anatseka kabuku, nati zotsala adzakambirana tsiku lina.

Tsiku lomwelo masana, chala chachikulu cha kuphazi kwa Kabatani chinagwedezeka. Bambo ake anachiona. Anathamanga m'khonde lonse akuitana namwino, akugunda anthu, nkhope ikuwala ngati ya mnyamata. Namwino anabwera, anayang'ana makina, anatsegula chikope cha mwana n'kuunika ndi katochi. Anati nthawi zina thupi limachita zimenezo palokha. Ananena mokoma mtima.

Mwamunayo anayesa kuyankhula ndi mkazi wake. Anamuuza kuti sakumuimba mlandu, kuti zala zomwe zinamasula zinali zake, kuti iye ndi amene ankadziwa ndipo anasankha kukwiya m'malo mokana. Mkazi sanatembenuke. Anamufunsa ngati akufuna madzi, ngati akufuna apite kunyumba akasambe, ngati akufuna aitane mayi ake. Anamufunsa ngati akufuna amutukwane, amumenye, chilichonse. Mkazi ankangopukusa mutu pang'ono, dzanja lili pa phazi la mwana. Munthu amene moyo wake wonse ankati palibe chitsulo chopindika chomwe sichingawongoke, anakhala pansi pa simenti, atatsamira khoma, manja ali lende pakati pa mawondo.

Lachiwiri chakumasana dokotala anawaitanira m'kachipinda kena komwe munali mipando itatu ndi duwa lapulasitiki. Telalayo anakana kuchoka pa bedi, choncho dokotalayo anabwera komweko n'kuima pafupi ndi makina. Anati ayeza kawiri, madokotala awiri osiyana, m'mawa ndi masana. Anati chifuwa chomwe akuchiona chikukwera ndi cha makina, si cha mwana. Anati akanakonda kuwauza zina, koma alibe. Sanafulumire, sanabise mawu m'Chingerezi. Atamaliza anafunsa ngati pali achibale oti aitanidwe, kapena wa tchalitchi, makina asanazimitsidwe.

Panja pa windo wina ankatchetcha kapinga, ndipo fungo la udzu linkalowa m'chipindamo ngati tsiku lina lililonse.

Namwino wamkulu, amene anakhala nawo masiku onsewo, anagwada pafupi ndi mpando wachitsulo uja kuti nkhope yake ifanane ndi ya telala.

"Amayi," anatero, "pali chomwe mukufuna tikuchitireni?"

Telalayo anachotsa dzanja pa phazi la mwana. Mawu ake, atakhala masiku atatu osatuluka, anamveka ngati chitseko cha dzimbiri.

"Ndikufuna ndimunyamule."

Namwino anayang'ana dokotala, dokotala anagwedeza mutu movomera. Anachotsa zomwe zinkatheka kuchotsedwa, anasuntha mawaya, ndipo awiriwo anamunyamula Kabatani mofatsa n'kumuika pachifuwa pa mayi ake. Mwamunayo anadzuka, anaima kumbuyo kwa mpando, n'kuika dzanja lake lakuda pansi pa chigongono cha mkazi wake kuti chisatope.

Msewu unali waufupi, dzuwa linali lowala, ndipo panalibe chilichonse m'mawa umenewo chomwe chinkaoneka ngati tsoka. Akuluakulu anaona zimenezi kalekale pamene anati chakudza sichiimba ng'oma.